Mlandu Suwola: Mbiri ya Minda, Mapepala ndi Makhoti m'Cigawo Cathu ca Tete

Kwa inu atsogoleri a makalasi a akuluakulu a ku Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame, Furancungo, Chidzolomondo ndi midzi yonse yozungulira:

Pali funso limene limabuka kawirikawiri m'kalasi phunziro likafika pa mawu monga munda, boma kapena lamulo. Wina amafunsa kuti: kodi munthu wa khasu angathe kusumira boma kapena kampani yaikulu, mlandu n'kumukomera? Acinyamata amati mwina. Akuluakulu amangoseka, nati, "Aa, mwana iwe, boma ungalitengere kwa yani?" Yankho loona ndi lakuti inde, zinacitikapo, ndipo zinacitika m'cigawo cathu comwe cino mu 2018. Koma kuseka kwa akuluakuluko kuli ndi maziko ake. Tiyeni tsono tiyende ndi mbiri, tione kumene mantha a pepala anacokera, ndi mmene khomo la khoti linatsegukira pang'onopang'ono.

Bwalo la makolo

Kale munda unalibe kalata. Mfumu kapena nyakwawa ndiye ankagawa malo, ndipo malire ankadziwika ndi culu, mtengo wa kacere, khwawa kapena mwala. Kwa Acewa munda unkayenda ndi mbumba, kutsata kucikazi. Kwa Angoni unkatsata kucimuna. Pakabuka mkangano anthu ankakhala pabwalo, mboni n'kuyankhula, akuluakulu n'kukumbutsana kuti anayamba kuswa mphanje pamenepo ndani. Umboni wonse unali wa pakamwa, ndipo unkakwanira, pakuti otsutsanawo ankamwa madzi a citsime cimodzi.

Koma bwalo limeneli linali ndi polekezera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 Undi analola Gonçalo Caetano Pereira, wa banja locokera ku Goa, kukhala ndi kukumba golide kumpoto kwa Zambezi. Ca m'ma 1840 mbadwa zake zinali zitamanga ufumu wa Makanga, dzina limene boma limalemba kuti Macanga. Mphamvu yawo inali m'mfuti za Acikunda ndi m'malonda a minyanga ndi akapolo. Kumapiri a kum'mawa Angoni a Maseko anadzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe ca m'ma 1870. Nanga mfumu ya mudzi ikanaitana bwanji mwini mfuti kuti adzayankhe mlandu pabwalo? Kuyambira kalekale bwalo linkaweruza anthu olingana mphamvu. Wamphamvu koposa ankakhala kunja kwake.

Nthawi ya Apwitikizi: wolamula ndiye woweruza

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anasainirana pangano logawana dziko, ndipo malire anadutsa pakati pa abale, ena n'kutsala ku Nyasaland, ena kuno. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. Mu 1892 kunakhazikitsidwa Companhia da Zambézia, imene inapatsidwa madera aakulu a Tete. Mu 1902 Chinsinga, wolamulira wotsiriza wa Makanga, anagonjetsedwa ataukira Apwitikizi, ufumu uja n'kutha.

Pamenepo ndi pamene pepala linalowa m'mudzi, ndipo linalowa ngati mdani. Lamulo la nchito la 1899 linati munthu wakuda aliyense wamwamuna ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo amene sakuonetsa kuti akugwira angathe kukakamizidwa. Ico ndico cibalo. Panabwera kaundula wa msonkho, ndi kabuku koyendera kamene munthu ankayenera kuonetsa akakumana ndi sipayi. Anthu anagawidwa pawiri: nzika, zokhala ndi makhoti awo ndi maloya awo, ndi ochedwa indígenas, ndiye kuti makolo athu. Malamulo a 1929 anakhazikitsa makhoti apadera a anthu akuda, ndipo wokhala pampando wa woweruza anali administrador yemweyo amene ankatolera msonkho ndi kugwira anthu a cibalo. Tangoganizani: fisi wakudyera mbuzi, ndipo kokadandaula n'kwa fisi yemweyo! Amene ankalimba mtima kudandaula ankabwerako manja atatupa ndi mbalamatodya. Ambiri anasankha njira ina, kuwoloka malire usiku kupita ku Nyasaland.

Kusiyanitsa nzika ndi indígenas kunathetsedwa pa pepala mu 1961, koma macitidwe sanasinthe msanga. Kumapiri a Angónia, amene pa nthawiyo ankaphatikiza Tsangano, atsamunda anatenga malo a conde olimapo mbatata ya kacewere ndi tirigu, iwo ali ndi makalata, eni nthaka alibe. Pomanga damu la Cahora Bassa, kuyambira 1969 mpaka 1974, anthu zikwi zambiri anacotsedwa m'mbali mwa Zambezi n'kuikidwa m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamentos. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Cipwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana, kufupi ndi mzinda wa Tete. Ansembe ndi amene analemba maina a ophedwa, dziko lonse n'kumva nkhaniyi mu 1973. Nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inadzapepesa mu 2022, patapita zaka 50. Taonani kuti cimene cinasunga mlandu umenewu kuti usawole anali maina olembedwa.

Ufulu, nkhondo ndi kubwerera

Ufulu utabwera mu 1975, boma la Frelimo linalengeza kuti nthaka yonse ndi ya boma m'dzina la anthu. Mafumu amene ankagwira nchito ndi atsamunda anacotsedwa, ndipo uloya wolipiritsa unathetsedwa. Mu 1978 kunabwera makhoti a anthu, tribunais populares, mmene anthu wamba osankhidwa, amayi omwe, ankaweruza milandu m'cinenero ca kwawo. Cinali cinthu catsopano ndithu. Komabe makhoti amenewa ankaweruza milandu ya m'banja, ya kuba, ya ndewu. Kusumira boma kunalibe malo, pakuti cipani ndi boma zinali cinthu cimodzi, ndipo ankati boma ndi anthu omwewo.

Minda imene atsamunda anasiya kumapiri kuno sinabwerere kwa eni ake akale. Yambiri inalowa m'munda waukulu wa boma wochedwa CAIA. Kenaka nkhondo inafika, CAIA n'kugwa, anthu n'kuthawira ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Pofika 1992 Malawi inkasunga othawa nkhondo a ku Moçambique pafupifupi 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo mikangano ya malo inabuka. Munda umodzi unkatha kukhala ndi eni atatu: banja limene linaulima atsamunda asanabwere, wanchito wakale wa CAIA, ndi munthu wina wobwera ndi kalata yocokera ku ofesi. Mavuto otere anali m'dziko lonse, ndipo ndi amene anakankha aphungu kulemba malamulo atsopano.

Malamulo amene anatsegula khomo

Malamulo oyendetsera dziko a 1990 analekanitsa makhoti ndi cipani. Mu 1992 kunakhazikitsidwa makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, oyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Mu 1994 kunabadwa IPAJ, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya. Ndipo pa 1 Okutobala 1997 kunatuluka malamulo awiri a tsiku limodzi: Lamulo la Malo, nambala 19/97, ndi Lamulo la Cilengedwe, nambala 20/97.

Lamulo la Malo la 1997 linasunga mfundo yakuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Koma linanena zinthu zinayi zimene makolo athu sanazimvepo kucokera ku boma lililonse. Coyamba, mudzi kapena munthu wokhala pamalo motsata mwambo ali ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, umene pa Cipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Caciwiri, nzika imene yalima malo mosabisa ndi mwa mtima woona kwa zaka 10 ili ndi ufulu womwewo. Cacitatu, kusowa kalata sikucotsa ufuluwo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. Cacinayi, boma lisanapereke malo kwa wobwera, liyenera kufunsa anthu a pamalopo. Mu 1998 ndi 1999 mabungwe ndi mipingo anayenda m'midzi pa nchito yochedwa Campanha Terra, kufotokoza lamuloli m'zinenero za anthu. Kuyambira 2020 boma linayamba nchito yokonzanso lamulo limeneli, ndipo mu 2022 linavomereza ndondomeko yatsopano ya malo. Conco mtsogoleri wa kalasi azifunsa ku boma la distrito za kusintha kulikonse.

Malamulo oyendetsera dziko a 2004 anaonjeza mphamvu. Ndime 90 ikuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'cilengedwe cabwino, ndiponso udindo wociteteza. Ndime 117 ikupatsa boma udindo woonetsetsa kuti cuma ca m'nthaka, madzi ndi nkhalango zikugwiritsidwa nchito mosamalira mibadwo ya kutsogolo. Ici ndico cimene ophunzira amati citukuko cokhalitsa. Mawuwa anachuka pa msonkhano wa maiko ku Rio de Janeiro mu 1992, koma mlimi aliyense amawadziwa: sudya mbewu yonse, umasiyako yobzala. Ndime 81 ndiyo kiyi wa zonsezi. Ikuti nzika, payokha kapena kudzera m'bungwe, ingathe kupita kukhoti kukateteza zinthu za anthu onse monga umoyo, cilengedwe ndi cuma ca dziko, ngakhale cinthuco si cake payekha.

Ophunzira anu adziwenso kuti makhoti ali m'mitundu. Khoti la m'mudzi limayanjanitsa. Khoti la distrito ndi la cigawo, tribunal judicial, limaweruza milandu ya pakati pa anthu, kapena munthu ndi kampani, ndi milandu ya upandu. Tribunal Administrativo ndilo limayang'ana ngati boma ndi maofesi ake akutsata lamulo. Pamwamba pali Conselho Constitucional, loona ngati zocita za boma ndi za aphungu zikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Wolowa khomo lolakwika amabwezedwa, ngakhale mlandu wake uli woona.

Malasha a Moatize: lamulo liyesedwa

Aliyense wa ku Tsangano wopita ku Tete amadutsa pa Moatize, ndipo mtsinje wa Revúbuè, wocokera kumapiri athu ano, umadutsa m'mbali mwa migodi usanathire mu Zambezi. Nkhani ya kumeneko si ya kutali ayi.

Mu 2004 kampani ya ku Brazil, imene inadzadziwika ndi dzina la Vale, inapambana mwayi wa malasha a Moatize. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anacotsedwa pamalo awo. Oposa 700 anapita nawo ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kucokera ku tauni ya Moatize. Ena anaikidwa pa bairro la 25 de Setembro. Mabanja a ku Capanga, m'mbali mwa Revúbuè, anasamutsidwira ku Mualadzi cifukwa ca mgodi wa Benga. Nyumba zatsopano zinali za simenti ndi malata, zooneka bwino pa cithunzi. Koma anthu a ku Cateme anadandaula kuti analonjezedwa mahekitala 2 a munda n'kulandira 1, nthaka yake yamiyala, madzi osowa, makoma ong'ambika. Kumene anacokera anali ndi madimba, ankaumba njerwa, ankagulitsa nkhuni ndi ndiwo pamsika wapafupi. Zonsezi zinatsala.

Atalemba madandaulo osayankhidwa, pa 10 Januwale 2012 anthu mazana angapo anakhala pa njanji n'kuimitsa sitima ya malasha. Apolisi anawabalalitsa mwankhanza, ndipo 14 anamangidwa. Mu Ogasiti caka comweco boma linatulutsa Decreto 31/2012, malangizo a kasamutsidwe ka anthu. Malangizowa anati wosamutsidwa ayenera kukhala ndi moyo wolingana kapena woposa wakale, kuti pacitike misonkhano yosacepera 4 yofunsa anthu, ndiponso kuti dongosolo la kusamutsa livomerezedwe kampani isanalandire cilolezo ca za cilengedwe. Mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linasindikiza lipoti lotsimikiza zambiri zimene anthu a ku Cateme ndi Mualadzi ankanena. Apa tikuona kuti lamulo linabwera m'mbuyo mwa misozi. Anthu a ku Cateme analipira mtengo wa malangizo amene anadzathandiza ena.

Mlandu wa Cassoca

Amene anadzagwiritsa nchito malangizowa kukhoti ndi anthu a ku Cassoca, m'dera la Chirodzi, distrito ya Marara. Kumeneko kampani ya ku India ya Jindal inatsegula mgodi wa malasha, umene Pulezidenti Armando Guebuza anautsegulira mu 2013. Kukumba kunayamba anthu asanasamutsidwe. Mabanja oposa 200 anatsala m'kati mwa malo a mgodi, akupuma fumbi, akumva kuphulika kwa miyala, minda ina itatengedwa kale. Zaka zinkapita, malonjezo okhaokha.

Mabungwe awiri anatenga nkhaniyi: Justiça Ambiental, loona za cilengedwe, ndi Ordem dos Advogados de Moçambique, bungwe la maloya a dziko lino. Njira sinali yosalala. Pa mlandu wa Justiça Ambiental, khoti la ku Tete linayamba lakana. Iwo sanagwe mphwayi, anacita apilo ku Tribunal Administrativo ya ku Maputo, ndipo mu Juni 2018 khotilo linagamula kuti kampani isamutse anthu a ku Cassoca pasanathe miyezi 6. Mlandu wa bungwe la maloya nawonso unathera kukomera anthu. Mu 2019 mabanja anayamba kusamukira ku Nhamatua.

Tisakometse nkhani mopitirira. Kucokera pa kutsegulidwa kwa mgodi kufika pa kusamuka panapita zaka pafupifupi 6. Mwana wobadwa fumbi litayamba anali wa msinkhu woyamba sukulu posamuka. Nthawi imene khoti linapereka inadutsa nchito isanathe, ndipo ku malo atsopano madandaulo a minda ndi madzi sanathe. Cigamulo sicimanga nyumba, sicikumba mjigo. Cimangopatsa anthu ndodo yogogodera pakhomo. Komabe cinacitika ndi cacikulu: m'cigawo comwe administrador anali woweruza wa milandu yake yomwe, khoti la dziko linauza kampani yaikulu kuti yalakwira anthu a m'mudzi.

Milandu ina inatsatira. Mu 2021 khoti la cigawo ca Tete linalamula Vale kulipira alimi 48 a ku Moatize amene mpanda wa mgodi unawatsekera njira. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wa Moatize kwa kampani ya Vulcan, ndipo mu Disembala 2024 Tribunal Administrativo ya ku Tete inalamula Vulcan kuimitsa kukumba m'zigawo zina za mgodi zoyandikana ndi nyumba za anthu, cifukwa ca fumbi.

Pamene woyankha mlandu ndi boma

Wina anganene kuti, cabwino, amenewo ndi makampani. Nanga boma lenilenilo? Pali zitsanzo ziwiri.

Coyamba ndi ProSavana, cikonzero ca ulimi waukulu ca maboma a Moçambique, Brazil ndi Japan m'madistrito 19 a Nampula, Niassa ndi Zambézia. Alimi ankaopa kutaya minda, ndipo ankati zinthu zikukonzedwa mobisa. Lamulo la ufulu wodziwa, nambala 34/2014, limapatsa nzika mphamvu yopempha zikalata za boma zokhudza anthu onse, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Bungwe la maloya linatengera unduna wa za ulimi kukhoti, ndipo mu 2018 Tribunal Administrativo ya mzinda wa Maputo inalamula undunawo kuulula zikalata. Cikonzeroco cinatsekedwa mu 2020, patapita zaka zambiri alimi ndi mabungwe akucitsutsa.

Caciwiri ndi ngongole zobisika. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, boma n'kulonjeza kubweza popanda cilolezo coyenera ca Nyumba ya Malamulo. Zitaululika mu 2016, maiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, mtengo wa sopo, mcere ndi feteleza unakwera mpaka kuno kumudzi. Malamulo oyendetsera dziko amalola nzika 2,000 kupempha Conselho Constitucional kuti iunike nkhani. Mgwirizano wa mabungwe wochedwa Fórum de Monitoria do Orçamento unasonkhanitsa masaini amenewo. Mu Juni 2019 Conselho inagamula kuti ngongole ya Ematum ndi cikole ca boma n'zopanda mphamvu pa lamulo, ndipo mu Meyi 2020 inanena cimodzimodzi za ProIndicus ndi MAM. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linapeza olakwa anthu 11 mwa 19, kuphatikizapo mwana wa pulezidenti wakale ndi akuluakulu a zacitetezo.

Mwamva, eti? Khomo la bwalo lalikulu koposa m'dziko linatsegulidwa ndi anthu 2,000 olemba maina awo. Inu amene mumagwira dzanja la gogo kuti alembe cilembo coyamba ca dzina lake, musaiyese nchito yaing'ono.

Nanga kwathu kuno?

Ku Tsangano ndi ku Makanga kulibe dzenje lalikulu ngati la Moatize, koma nkhani za malo, mitengo ndi madzi zilipo. Fodya wa ku Furancungo amalimidwa pa pangano ndi kampani, ndipo mlimi amasaina kapena kudinda cala pa pepala la ngongole ya feteleza ndi mbewu. Zigafa zimafuna mitengo, makala amafuna mitengo, odula matabwa amafuna mitengo. Madambo ndi madimba a kumapiri akucepa pamene anthu akuculuka. Tsiku lililonse kungabwere galimoto ndi munthu wonyamula mapu.

Mbiri imene tayendamoyi ikutiphunzitsa zinthu zingapo zoti tipite nazo m'kalasi.

Milandu yambiri ya malo imapambanidwa kapena kutayika pa tsiku la msonkhano wofunsa anthu, khoti lisanaganiziridwe n'komwe. Pa msonkhano wotere pamalembedwa cikalata cochedwa acta, ndipo oimira mudzi amasaina. Malangizo a 1998 anati osaina akhale pakati pa 3 ndi 9, ndipo a 2011 anati misonkhano ikhale iwiri, kuti anthu apeze nthawi yoganiza. Lonjezo limene silinalowe mu acta, kaya ndi sukulu, mjigo kapena nchito, ndi lovuta kulitsata pambuyo pake. Tsono ophunzira anu azolowere kunena kuti: tiwerengereni mokweza, mutimasulire m'Cinyanja, mutisiyire kope lathu. Kupempha zimenezi si mwano. Ndipo mowa ndi nyama za pa tsikulo zisalowe m'malo mwa kuwerenga.

Umboni wa pakamwa ndi wovomerezeka, koma mboni zimakalamba. Kalasi lingathe kukhala ndi kope la mudzi. Okalamba afotokoze malire, manda, nkhalango ya makolo, akasupe ndi njira za ng'ombe. Ophunzira alembe, ajambule mapu, aike tsiku, mwezi ndi caka. Pamenepo mwaphunzitsa kulemba, masamu ndi mbiri pa nthawi imodzi. Amayi ayankhule nawo, pakuti lamulo linachula amuna ndi akazi, ndipo ndi amayi amene amadziwa kasupe amene sauma mu Okutobala.

Dandaulo likhale lolembedwa, makope awiri. Lina lisiyidwe ku ofesi, lina lidindidwe ndi kubwerera kumudzi. Woweruza amafunsa kuti: munadandaula liti, kwa yani, anayankha ciani? Amene ali ndi masiku olembedwa amayankha mosavuta. Pa nkhani ya mitengo, kuyambira 2005 boma linalamula kuti 20 pa 100 iliyonse ya misonkho ya odula mitengo ndi osaka nyama izibwerera ku midzi ya kumene zinthuzo zacokera, kudzera m'komiti yokhala ndi akaunti ku banki. Kalasi lingathe kulemba kalata yofunsa ku ofesi ya SDAE ya distrito kuti ndalama za dera lawo zili pati. Imeneyo ndi phunziro labwino la kalembedwe ka kalata.

Mutu umodzi susenza denga. Palibe mlandu mwa imene tachulayi umene munthu anaupambana yekha. Anthu a ku Cassoca anali ndi mabungwe ndi maloya. A ngongole zobisika anali 2,000. Khoti lili kutali, limayankhula Cipwitikizi, limacedwa, ndipo ulendo wa ku Tete umadya ndalama. N'cifukwa cake kuyamba ndi mfumu, komiti ya mudzi ndi boma la distrito ndi nzeru, ndipo zikakanika pali IPAJ, ofesi ya Procuradoria ndi mabungwe oona za ufulu. Cigamulo cikatuluka, nchito siinathe: pafunika anthu owerenga masiku amene khoti lapereka, ndi kubwereranso kukanena ngati sanatsatidwe.

Makolo anati mlandu suwola. Pabwalo la kale unkasungidwa m'mitu ya okalamba. Makhoti a lero amafuna kuti usungidwenso pa pepala, ndipo pepala limene linabwera ndi sipayi lingathe tsopano kulembedwa ndi mwini munda. Akuluakulu amene amaseka funso lija musawatsutse mwaukali. Iwo anaona zimene ife tangowerenga. Afotokozereni za Cassoca, ndipo muwapemphe kuti akhale oyamba kunena malire a mudzi kuti alembedwe.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi m'mudzi mwanu malire a minda, manda ndi nkhalango amadziwika ndi ciani? Ndani amene angawafotokoze bwino lero?

2. Kodi kunacitikapo msonkhano wofunsa anthu za malo kapena mitengo? Analemba acta? Kope lake lili ndi yani?

3. Anthu a ku Cateme analandira nyumba za malata koma anadandaulabe. Kodi banja la kwanu lingataye ciani cimene sicioneka pa cithunzi litasamutsidwa?

4. Lembani pamodzi kalata yaifupi yopita ku boma la distrito yofunsa cinthu cimodzi cokhudza mudzi wonse. Ikani tsiku, maina a osaina, ndipo mukonze makope awiri.